Funso Lakale Lakuti "Uli Pati?": Mbiri ya Kuyeza Malo, Kuchokera pa Mtsinje wa Ruo Kufikira pa GPS

Munthu wa ku Milonde, m'boma la Mulanje, akafunsidwa kumene amakhala savutika kuyankha. Amatchula dzina la mfumu yake, natchulanso mtsinje woyandikana nawo, kenaka amaonjeza kuti mlendo akapitirira msika akhotere pa mtengo waukulu wa mango, ndipo akafunse ana amene akaŵapeze akuseŵera panjira. Malongosoledwe otereŵa athandiza anthu kuyambira kale lomwe, ndipo safuna makina. Komabe ali ndi zofooka ziŵiri. Choyamba, womvayo ayenera kukhala wolidziŵako deralo. Chachiŵiri, mtengo, mlatho ndi mtsinjewo ziyenera kukhala zikadali pamalo pake.

M'mwezi wa March, chaka cha 2023, namondwe wa Freddy adaonetsa kuti zinthu zimenezi zimatha kuchoka pamalo pake usiku umodzi. Mvula idagwa masiku angapo osakata, madzi ndi miyala zidatsika m'mapiri monga achitira napolo, ndipo milatho, miseu ndi midzi zidakokoloka m'maboma a Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre. Anthu amene adafa, kuphatikizapo amene sadapezeke, adapitirira 1,000. Oyendetsa ndege za helikopita zimene zidabwera kudzathandiza kuchokera ku Tanzania ndi ku Zambia sakadatha kulondola mudzi pomva za mtengo wa mango. Woyendetsa ndege amafuna manambala. Tsono nkhani ya lero ikulongosola kumene manambala ameneŵa adachokera, ndi m'mene anthu adaphunzirira kuŵatumiza pa wailesi.

Makolo akale sadali osoŵa nzeru pa za maulendo. Amang'anja, Ayao ndi Alomwe amene adakhala mozungulira phiri la Mulanje ankayenda maulendo ataliatali poyang'ana mapiri, mitsinje, dzuŵa ndi nyenyezi. Nthanda inkaŵauza kuti kunja kuli pafupi kucha, ndipo Nsangwe zinkaŵauza za kusintha kwa nyengo. Phiri lenilenilo, limene limaoneka munthu akadali kutali kwambiri, lidali chizindikiro chosasuntha kwa amalonda ochokera ku Quelimane ndi kwa mabanja osamuka. Nzeru zimenezi zinkakhala m'mitu ya anthu, ndipo mwana ankaziphunzira poyenda ndi akulu.

Njira yolemba malo ndi manambala idafika kuno ndi David Livingstone, amene adakwera mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859, naona nyanja ya Chilwa m'mwezi wa April, ndi nyanja ya Malaŵi m'mwezi wa September. Iye adaphunzira kuyeza nyenyezi kwa Thomas Maclear, katswiri wa zakuthambo wa ku Cape Town, ndipo pa maulendo ake ankanyamula zida ziŵiri zofunika. China chidali sextant, chida choyezera kutalika kwa dzuŵa kapena nyenyezi kuchokera m'chizimezime. Chinacho chidali chronometer, wotchi yopangidwa mosamala kuti isataye nthaŵi.

Akatswiri adaligaŵa dziko lapansi ndi mizere yongoganizira. Mizere ina imazungulira dziko motsatana ndi ekweta, ndipo imasonyeza kuti munthu ali kumpoto kapena kumwera motani; imeneyi ndiyo latitude. Ina imachokera kumpoto kwenikweni kwa dziko kukafika kumwera kwenikweni, ndipo imasonyeza za kuvuma ndi kuzambwe. Imeneyi ndiyo longitude. Msonkhano wa maiko umene udachitikira ku Washington mu 1884 udagwirizana kuti longitude iziŵerengedwa kuyambira ku Greenwich, mu mzinda wa London. Mwa kaŵerengedwe kameneka, Milonde ali pa madigiri 16 ndi pang'ono kumwera kwa ekweta, ndiponso pafupifupi madigiri 35 ndi theka kuvuma kwa Greenwich.

Kupeza latitude kudali kosavuta kwenikweni, pakuti dzuŵa la masana kapena nyenyezi yodziŵika zinkakwanira. Longitude ndiyo idasautsa anthu zaka mazanamazana, kotero kuti mu 1714 boma la Britain lidalonjeza mphotho yofika mapaundi 20,000 kwa munthu amene akadapeza njira yake panyanja. Mmisiri wa matabwa wotchedwa John Harrison adathera moyo wake pa kupanga wotchi yoyenera ntchitoyo. Chinsinsi chake n'chakuti dziko limatembenuka madigiri 15 pa ola limodzi, ndiye kuti digiri imodzi pa mphindi 4. Choncho dzuŵa limafika pa liombo ku Milonde pafupifupi maola 2 ndi mphindi 22 lisanafike pa liombo ku Greenwich. Amene ali ndi wotchi yosunga nthaŵi ya ku Greenwich angathe kuŵerengera kumene ali. Koma wotchiyo ikaphonya ndi masekondi 4 okha, malo olembedwa pa mapu amasuntha ndi pafupifupi makilomita aŵiri. N'chifukwa chake mapu oyamba a dziko lino adali ndi nyanja ndi mapiri okhala posayenera. Ndiponso n'zodziŵika kuti zida zija sizikadamfikitsa Livingstone kulikonse popanda anthu a m'midzi amene adamsonyeza njira. Safunsa adadya phula.

Manambala aja sadachedwe kusanduka nkhani ya ndale. Mu 1889 msilikali Wachipwitikizi, Serpa Pinto, adakwera Shire ndi gulu lankhondo, nalimbana ndi Amakololo. John Buchanan, amene ankagwirizira udindo wa kazembe wa Britain, adalengeza kuti dziko la kumpoto kwa Ruo lili m'manja mwa Angelezi. Pa 11 January, 1890, boma la Lord Salisbury lidalamula dziko la Portugal kuti lichotse asilikali ake, ndipo pa 11 June, 1891, maiko aŵiriŵa adasainirana pangano la malire ku Lisbon. Panganolo lidati malire adzere kuvuma kwa nyanja za Chiuta ndi Chilwa, alunjike ku mtsinje wa kuvuma kwenikweni mwa mitsinje yothira mu Ruo, umene ndi Muloza, kenaka atsate pakati pa Ruo mpaka pamene amathira mu Shire ku Chiromo.

Olemba panganolo adasankha mitsinje chifukwa mtsinje suvuta kuuloza, pamene mzere wa manambala umafuna akatswiri ndi ndalama. Koma kwa anthu a ku Milonde ndi midzi yoyandikana nayo, Ruo udali mtsinje wotungako madzi ndi woolokera popita kukaona abale. Tsiku limodzi lokha, ku mzinda umene sadauonepo, tsidya lina lidasanduka dziko lachilendo. Ngakhale zidatero, anthu sadaleke kuoloka. Alomwe ambiri adaloŵa m'dziko lino kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, pothaŵa misonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, ndipo ambiri a iwo adakagwira thangata m'minda ya Azungu, m'boma lomwelo limene Henry Brown adabzalamo tiyi ku Thornwood mu 1891. Kuyambira pamenepo funso lakuti malire a munda adzera pati lidakhala funso la chakudya cha banja.

Mapu olondola adabwera ndi njira ina. Oyeza malo ankayamba ayeza mosamala mtunda umodzi pa chigwa, kenaka ankakwera mapiri ndi chida chotchedwa theodolite, nayeza ngodya kuchokera pa nsonga ina kuloza nsonga ina. Amene adziŵa mbali imodzi ndi ngodya ziŵiri za chinthu cha ngodya zitatu angathe kuŵerengera mbali zotsalazo osapondako. David Gill, amene adatsogolera nyumba yoyezera nyenyezi ya ku Cape Town kuyambira mu 1879, adalingalira zolumikiza miyeso yotere kuchokera kumwera kwa Africa mpaka ku Egypt, motsata longitude ya madigiri 30. Ntchitoyo idatha mu 1954, mwini wake atamwalira kalekale. Maziko a miyeso otchedwa Arc 1950, amene mapu akale a Malaŵi adajambulidwapo, adachokera pa ntchito imeneyi.

Nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse itatha, mu 1946, boma la Britain lidakhazikitsa nthambi ya Directorate of Colonial Surveys motsogozedwa ndi Martin Hotine. Ndege zidajambula zithunzi za dziko kuchokera mumlengalenga, ndipo pa zithunzizo padachokera mapu a muyeso wa 1:50,000, pamene masentimita aŵiri a papepala amaimira kilomita imodzi. Mabikoni a simenti amene amapezeka pa nsonga za mapiri ndiwo mboni za ntchitoyo. Mapu amatchula maina a nthambi za boma, koma satchula amtengatenga amene adasenza simenti, madzi ndi zida kukwera nazo m'matanthwe. Nambala yodziŵika yakuti Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002 ili ndi thukuta lawo m'kati mwake.

Pamene oyeza malo ankakwera mapiri, gulu lina la anthu lidali kuphunzira kulankhulana popanda nthambo. Ameneŵa ndi anthu okonda wailesi, amene amadzimangira kapena kugula zida zotumizira mau, osati pofuna malipiro koma pofuna kuphunzira ndi kuthandiza anzawo. Bungwe lawo la dziko lonse, International Amateur Radio Union, lidabadwa ku Paris mu 1925. Aliyense wa iwo amalandira chiphaso ku boma pamodzi ndi dzina la pa wailesi, limene zilembo zake zoyamba zimasonyeza dziko. M'masiku a Nyasaland zilembozo zidali ZD6, koma dziko litalandira ufulu mu 1964 zidasintha n'kukhala 7Q. A ku Mozambique amadziŵika ndi C9. Popeza funso lakuti "uli pati?" limabwera pa kukambirana kulikonse, mu 1980 adagwirizana ku Maidenhead, ku England, za njira yachidule yogaŵa dziko m'timabwalo. Mwa njira imeneyo Milonde ali m'bwalo la KH73, pamene Sapitwa, amene ali kumpoto pang'ono kwa mzere wa madigiri 16, ali mu KH74.

Pa 4 October, 1957, dziko la Soviet Union lidaponya m'mlengalenga setilaiti yoyamba, Sputnik. Kulira kwake kudamveka pa mawailesi a anthu okonda wailesi aja m'maiko ambiri. Akatswiri aŵiri a ku Johns Hopkins ku America, William Guier ndi George Weiffenbach, adazindikira kuti liu la setilaitiyo linkakwera ikamayandikira ndi kutsika ikamapita, monga lichitira lipenga la galimoto lodutsa pamseu, ndipo kuti pa kusinthako akadatha kuŵerengera njira yake. Posakhalitsa funso lidatembenuzidwa: ngati munthu wa pansi angapeze pamene pali setilaiti, kodi setilaiti yodziŵika njira yake singamuuze munthu pamene iye waima? Pa ganizo limeneli padabadwa Transit, njira imene zombo zankhondo za America zidayamba kugwiritsa ntchito mu 1964.

GPS yeniyeni idavomerezedwa mu 1973, ndipo setilaiti yake yoyamba idakwera mu February, 1978. Idali ya asilikali. Koma pa 1 September, 1983, ndege ya ku Korea idasokera n'kuloŵa m'dera la Soviet Union, niomberedwa, ndipo anthu 269 adafa. Pambuyo pake Pulezidenti Ronald Reagan adalonjeza kuti GPS idzatsegulidwa kwa anthu wamba. Idakwanira mu 1995 ndi masetilaiti 24, ozungulira dziko kaŵiri pa tsiku pa mtunda wa makilomita 20,200. Ngakhale pamenepo, asilikali ankasokoneza dala uthenga wopita kwa anthu wamba, kotero kuti chida chinkatha kuphonya ndi mamita 100. Pulezidenti Bill Clinton adathetsa zimenezi mu May, 2000, ndipo kuphonyako kudatsika kufika pa mamita oŵerengeka. Lero palinso GLONASS ya Russia, Galileo ya maiko a ku Ulaya ndi BeiDou ya China.

Chodabwitsa n'chakuti GPS ndi nzeru ya Harrison yomwe ija, wotchi itangokwezedwa kumwamba. Setilaiti iliyonse imanyamula wotchi yolondola kwambiri, ndipo imaulutsa nthaŵi ndi malo ake kosalekeza. Chida cha pansi chimayeza m'mene uthengawo wachedwera panjira. Popeza uthenga wa wailesi umathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, kuchedwako kumasonyeza mtunda. Chidacho chikamva masetilaiti anai, chimaŵerengera latitude, longitude, kukwera kwa malo ndi nthaŵi. Koma pali mfundo imene ambiri saidziŵa: chida cha GPS chimangomvera, sichilankhula. Chimamuuza mwini wake pamene ali, koma sichiuza wina aliyense.

Mpata umenewu adautseka ndi Bob Bruninga, wokonda wailesi wa dzina la WB4APR, amene adagwira ntchito zaka zambiri pa sukulu ya asilikali a pamadzi ku Annapolis. Mu 1984 adayesa pologalamu ya pa kompyuta yolondolera akavalo pa mpikisano wa mamailosi 100, ndipo pofika mu 1992 njira yakeyo idadziŵika ndi dzina lakuti APRS. Kagwiridwe kake nkotere: chida cha GPS chimapereka manambala kwa kachipangizo kamene kamaŵasandutsa kulira kwa ngati sekondi imodzi, ndipo wailesi imaulutsa kulirako pamodzi ndi dzina la mwini wake. Wailesi ina yoikidwa pamalo okwera imamva ndi kubwereza uthengawo kuti ufike patali, ndipo aliyense womvera amaona kadontho pa mapu. Ku North America amagwiritsa ntchito 144.390 MHz, pamene ku Ulaya ndi ku South Africa ndi 144.800 MHz. Ubwino wake ngwakuti njirayi imayenda ngakhale nsanja za lamya zitagwa. Bruninga adamwalira mu February, 2022.

Kuyambira masiku amenewo, wokonda wailesi aliyense wofuna kulondoleka wakhala akukumana ndi funso la chida cha GPS chimene angasankhe. Zida zoyamba za m'manja, monga Magellan NAV 1000 ya mu 1989, zinkagulidwa pafupifupi madola 3,000 ndipo zinkatha mabatire m'maola ochepa. Lero kachida kochepa ngati chikhadabo kamaposa zimenezo kutalitali. Komabe mfundo zoyenera kuziyang'ana sizidasinthe kwenikweni.

Yoyamba ndi chilankhulo. Zida za APRS zimamva chilankhulo cha NMEA 0183, chimene chidakonzedwera zombo, ndipo kaŵirikaŵiri chimayenda pa liŵiro la 4,800 baud. Chida cholankhula chilankhulo cha kampani yake yokha, kapena choloŵa pa kompyuta ndi USB basi, sichingamvane ndi wailesi ngakhale chikhale chokongola chotani. Yachiŵiri ndi mphamvu ya magetsi a pa nthambo yolumikizira: zida zakale zimatsata RS-232, imene imafika mavoti 12, pamene tizida tatsopano timafuna mavoti 3.3 kapena 5, ndipo kuzilumikiza mosaganiza kumapsereza chida. Ena amapeŵa mavuto aŵiriŵa pogula wailesi yokhala ndi zonse m'kati. Kampani ya Kenwood idatulutsa TH-D7, wailesi ya m'manja yodziŵa APRS, mu 1998, ndipo mu 2010 idatulutsa TH-D72 yokhala ndi GPS yakeyake.

Yachitatu ikukhudza Malaŵi mwapadera, ndiyo maziko a miyeso. GPS ndi APRS zimatsata maziko a WGS 84, pamene mapu akale aja adatsata Arc 1950. Kuno kusiyana kwake kumafika pafupifupi mamita 300. Pa chigwa zimenezi nzochepa, koma m'mbali mwa Ruo zingamuike munthu m'dziko lina, ndipo paphiri zingatumize ofunafuna pamwamba pa phompho pamene wovulala ali pansi pake. Kalembedwe ka manambala nakonso kamasokeretsa: madigiri 16.30 si chimodzimodzi ndi madigiri 16 ndi mphindi 30, ndipo wosakaniza ziŵirizi amaphonya ndi makilomita 22.

Yachinai ndi makutu a chidacho. Nkhungu ya chiperoni siletsa uthenga wa setilaiti, koma matanthwe onga a Chambe, zigwembe zozama ndi nkhalango yonyowa zimautchinga kapena kuubweza, kotero kuti chida chimasokonezeka. Chida chomva masetilaiti a maiko angapo nthaŵi imodzi, chokhala ndi mlongoti woyang'ana thambo, chimapirira bwino malo otere. Yachisanu ndi kadyedwe ka batire, pakuti tsiku limene chidacho chimafunika koposa ndi lomwe magetsi azima. Ndipo pamwamba pa zonsezi pali lamulo: kumvera GPS nkwaulere, koma kuulutsa pa wailesi kumafuna chiphaso cha bungwe la MACRA, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998. Woulutsa ayeneranso kukumbukira kuti uthenga wa APRS subisika. Amene wauza opulumutsa pamene ali wauzanso wina aliyense womvera.

Phiri la Mulanje, limene bungwe la UNESCO lidaliika m'kaundula wa malo a choloŵa cha dziko lonse mu 2025, laphunzitsa kale kufunika kwa zimenezi. Mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands adakwera yekha kuloza ku Sapitwa, ndipo sadapezekenso. Mu July, 2009, mnyamata wa ku Brazil adasoŵa kumeneko, ndipo thupi lake lidapezeka m'mwezi wa August, patapita masabata oposa aŵiri. Kutali ndi Mulanje, pa 10 June, 2024, ndege yonyamula Wachiŵiri kwa Pulezidenti, Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu idagwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo idapezeka tsiku lotsatira. M'ndegemo mudali chida cha GPS chimene chidasunga njira ya ulendowo, koma njirayo idaŵerengedwa pambuyo pake ndi akatswiri a ku Germany ofufuza za ngoziyo. Chidacho chinkadziŵa pamene chidali. Ofunafuna ndiwo sankadziŵa.

Phiri lomwelo limene limabisa anthu lingathenso kuŵathandiza. Uthenga wa pa 144 MHz umayenda molunjika ngati kuŵala, ndipo wailesi yobwereza yoikidwa mamita 2,000 pamwamba pa chigwa, yodyetsedwa ndi mphamvu ya dzuŵa, ingamveke pa mtunda woposa makilomita 150 kumbali kumene yayang'ana. Malo amene oyeza malo adaŵasankha kuti aikepo mabikoni, chifukwa amaonekera kutali, ndiwo malo amene wailesi imaŵafuna.

Kuchokera pa sextant ya mu 1859 kufika pa kachida ka lero papita zaka zoposa 160, ndipo kuphonya kwatsika kuchoka pa makilomita kufika pa mamita. Komabe manambala sadalande malo a nzeru zakale. Helikopita ikatera pa bwalo la sukulu motsata GPS, otsikamo amafunabe munthu wa m'mudzimo woti aŵauze doko limene Ruo angaolokereke tsiku limenelo, ndi nyumba imene muli nkhalamba yosatha kuyenda. Mutu umodzi susenza denga. Mudzi wa ku Milonde umene ungalembe manambala a sukulu yake, chipatala chake ndi chitunda chothaŵirako madzi, n'kuŵasunga kwa mfumu ndi kwa aphunzitsi mvula isanayambe, udzakhala ndi yankho lomveka kwa mbale ndi kwa mlendo yemwe, pa tsiku limene wina adzafunse pa wailesi kuti, "Muli pati?"